Chilatini cha m'khothi: mawu amene asunga ufulu wanu

Munthu wa kwa Nsabwe akaitanidwa kukhothi, kaya pa boma la Thyolo kaya ku bwalo lalikulu la ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, amanyamuka akudziwa kuti akakumana ndi Chingerezi. Chimene samayembekezera n'chakuti m'kati mwa Chingerezimo muli chilankhulo chinanso, chimene ngakhale mwana wa Fomu 4 amene wamuperekeza sachimva. Loya aimirira n'kunena kuti prima facie, mnzake ayankha kuti res judicata, kenako woweruza alengeza kuti mlandu waimitsidwa sine die. Mwini mlandu angoti kukamwa yasa. Pofika ku Thekerani, abale akamufunsa kuti zatha bwanji, yankho limangokhala lakuti, "Akuti tidzamva."

Chilankhulocho ndi Chilatini, cha Aroma akale. Akuluakulu a mpingo wa Katolika akuchikumbukira, pakuti Misa inkachitika m'Chilatini mpaka zaka za m'ma 1960, ndipo Kamuzu Banda atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981 anafuna kuti ana azichiphunzira. M'makhothi mwathu chinalowa pamodzi ndi malamulo a ku England, pamene British Central Africa Order in Council ya 1902 inakhazikitsa bwalo lalikulu kuno n'kulamula kuti liziweruza motsata malamulo a kwawoko. Maloya a ku England anali atasunga mawuwa kwa zaka mazanamazana, ndipo maloya athu anawapeza m'mabuku omwewo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri mwa mawuwa ndi mayina a ufulu umene munthu wamba ali nawo kale. Amene sawadziwa amausiya ufuluwo pakhomo pa ofesi ya manijala kapena pakauntala ya polisi, n'kubwerera kwawo ali chimanjamanja. Simufunika kuloweza onse. Alipo ochepa amene amakhudza malipiro, munda ndi ufulu wa munthu wokhala m'mphepete mwa maesiteti a tiyi, ndipo amenewo ndiye oyenera kuwakhalira pansi.

Woyamba ndi audi alteram partem, kutanthauza kuti imvaninso mbali inayo. Kwathu kuno mfundoyi si yachilendo. Pabwalo la nyakwawa wodandaula akamaliza, nduna imatembenukira kwa winayo kuti naye ayankhe, ndipo ankhoswe sagamula nkhani ya banja atamva kwa mkazi yekha kapena kwa mwamuna yekha. Lamulo la ntchito, Employment Act la 2000, linaika mfundo yomweyi mu ndime 57. Ndimeyi ikunena zinthu ziwiri. Munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, kagwiridwe kake ka ntchito, kapena kayendetsedwe ka kampani. Ndipo ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, sachotsedwa asanapatsidwe mpata wodziteteza. Kapitawo akanena kuti mwathira madzi m'masamba kuti sikelo ikwere, kapena mlonda akamaganiziridwa kuti anagona nkhuni za bulugamu zikubedwa, bwana sangangoti mawa musabwerenso. Ayenera kukuuzani momveka chimene mukunenezedwa, kukupatsani nthawi yokonzekera, n'kukumvani. Ngati muli membala wa Plantation and Agriculture Workers Union, pemphani kuti nthumwi yanu ikhalepo.

Anthu ambiri amaganiza kuti mpata umenewu ndi wa osalakwa okha. Ayi. Ngakhale amene walakwadi ayenera kumvedwa, chifukwa pakumva m'pamene pamadziwika ngati chilango choyenera ndi chenjezo kapena kuchotsedwa. Nkhani ikafika kubwalo, ndime 61 ikuika katundu pamutu pa wolemba ntchito: iye ndiye aonetse chifukwa chimene anakuchotserani, ndipo akalephera, lamulo limatenga kuti anakuchotsani mopanda chilungamo. Dandaulo limayambira ku ofesi ya zantchito ya pa boma, pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene munachotsedwa. Zikakanika kumeneko, limapita ku Industrial Relations Court, bwalo limene munthu angadziyankhulire yekha popanda loya.

Mfundoyi ili ndi inzake yoyenda nayo limodzi, nemo judex in causa sua: palibe amene angaweruze mlandu umene iye mwini ali nawo mbali. Kapitawo amene wakunenezani akhoza kukhala mboni, koma asakhalenso wapampando wa komiti yokuweruzani. Mfumu imene mphwake akulimbirana nanu malire a dimba iyenera kupereka nkhaniyo kwa ena. Ndime 43 ya malamulo oyendetsera dziko lino imafikitsa chilungamo chotere ku maofesi a boma, ndipo imakupatsani ufulu wofuna kuti zifukwa za chigamulo chokukhudzani akupatseni zolembedwa.

Palinso mawu ena amene amapezeka pa mapepala a ndalama: ex gratia. Ndalama ya ex gratia ndi yoperekedwa mwachifundo, woperekayo osavomera kuti lamulo likumukakamiza. Kulandira sikulakwa. Choopsa n'kusainira pepala lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso, pamene mwina zimene lamulo limakupatsani n'zoposa pamenepo. Munthu amene makina am'dula zala m'fakitale ali ndi ufulu wa chipukuta misozi pansi pa Workers' Compensation Act ya 2000, ndipo chimenecho si chifundo cha bwana. Musanadinde chala, tengani pepalalo mukaonetse ku ofesi ya zantchito.

Kulipira popanda kuvomera kulakwa kumachitika ngakhale pa milandu ikuluikulu. Mu February 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana kunja kwa khothi ndi amayi 36 ogwira ntchito m'maesiteti a ku Mulanje ndi Thyolo amene anadandaula ku London, kudzera mwa maloya a Leigh Day, kuti anachitidwa nkhanza zogonana pantchito. Mgwirizanowo unafika mapaundi 2.3 miliyoni, ndipo kampaniyo sinavomere mlandu. Mayina a amayiwo sanaululidwe. Ndatchula izi chifukwa manyazi ndiwo amatseka pakamwa anthu ambiri, pamene kuno kwathunso lamulo limalola kuti nkhani zotere, ndiponso za ana, zimvedwe in camera, kutanthauza m'chipinda chotseka, anthu ongobwera kudzaonerera atatulutsidwa. Ngati mukuopa maso a anthu, uzani wapolisi woimira boma pamlanduwo kapena majisitireti mlandu usanayambe.

Tsopano tibwere ku chitokosi. Habeas corpus ndi lamulo limene jaji amapereka kwa amene akusunga munthu, loti abwere naye pamaso pa khothi n'kufotokoza chifukwa chimene akum'sungira. Chifukwa chikapanda kumveka, munthuyo amatuluka. Ku England analikhwimitsa ndi lamulo la 1679. Kuno tikudziwa bwino chimene chimachitika likafa mphamvu: m'nthawi ya chipani chimodzi anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu osaonekera kukhothi, ndipo mlakatuli Jack Mapanje anakhalako kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu uliwonse. N'chifukwa chake olemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 sanasiye nkhaniyi m'Chilatini. Anailemba poyera mu ndime 42. Womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva. Auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera tsiku limene khothi silikhala, apite tsiku loyamba limene likhale. Apatsidwe belo pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Belo ya kupolisi ndi yaulere.

Kuyambira 2010 lamulo la kazengedwe ka milandu linaikanso malire a masiku amene munthu angakhale pa rimandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha, ndipo kuonjezera masikuwo kumafuna chilolezo cha khothi. Mbale wanu akatsekeredwa, lembani tsiku ndi ola limene anam'tenga. Wotsekeredwayo sangayende, choncho amene ali kunja ndiye athamangire kwa loya kapena kwa wothandiza pa zamalamulo kuti pempho likafike kukhothi.

Pa milandu yaupandu mudzamva actus reus ndi mens rea. Loyambalo ndi chochitika chenicheni choletsedwa, lachiwirilo ndi maganizo olakwa amene munthu anali nawo pochichita. Pa milandu yambiri boma liyenera kuonetsa zonse ziwiri. Amene watenga khasu la mnzake akuliyesa lake wagwiradi khasulo, koma mtima wakuba analibe. N'chifukwa chakenso mwana wosafika zaka 10 sazengedwa mlandu, ndipo wosafika zaka 14 amatengedwa kuti ndi doli incapax, wosatha kupangira dala choipa, pokhapokha zitaonetsedwa kuti ankadziwa kuti zimene akuchitazo n'zosayenera. Koma musasokoneze izi ndi kusadziwa lamulo. Ignorantia juris non excusat: kunena kuti sindinkadziwa kuti n'zoletsedwa sikupulumutsa munthu, ndipo ndime 7 ya Penal Code ikunena zomwezo.

Ndime yotsatira, ya 8, ndiyo imakhudza kwambiri Thyolo, chifukwa ikukamba za bona fide, kuchita chinthu ndi mtima woona. Ikuti munthu sapezeka wolakwa pa mlandu wokhudza katundu ngati anachita zimenezo akukhulupirira moonadi kuti lamulo likum'patsa ufulu pa katunduyo, popanda cholinga chobera wina. Kuno nkhani ya malo ili ndi mizu yaitali. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka kwa atsamunda zikalata za malo zotchedwa certificates of claim, zambiri zili ndi mawu oteteza midzi ndi minda imene inalipo kale kuti isasokonezedwe. Mu 1903 Jaji Nunan, pa mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, anagamula kuti mawu otetezawo ali ndi mphamvu. Koma Alhomwe ambiri amene anawoloka kuchokera ku Mozambique pambuyo pake sanawerengedwe m'chitetezocho, ndipo anagwa m'thangata. Mkwiyo wake unaphulika ku Thyolo mu 1953, ndipo njala ya malo ilipobe. Mu 2016 otsatira Vincent Wandale a People's Land Organisation atalowa m'minda ya esiteti ya Conforzi, iye anamangidwa n'kuzengedwa mlandu.

Apa ndiyenera kunena mosabisa, chifukwa anthu amapwetekerapo. Dandaulo la mbiri ndi loona, koma silofanana ndi bona fide ya mu ndime 8. Mayi amene wakhala akulima kachigawo kamene amayi ake ankalima, malire a esiteti osaoneka bwino, iye n'kumakhulupirira kuti ndi pake, ali ndi poyambira kudziteteza. Amene akudziwa kuti kampani ili ndi chikalata cha malowo koma walowa chifukwa akuona kuti makolo ake anaberedwa, khothi silimuwerengera chimodzimodzi. Nkhondo imeneyo malo ake ndi kwa aphungu, ku unduna wa zamalo ndi pa mlandu wokasuma mwadongosolo, osati pa ndime 8.

Mikangano ya malo ndiyo imabweretsanso ex parte. Tsiku lina mumangolandira pepala lakuti khothi laletsa kulima, kumanga kapena kulonga ufumu, inu osaitanidwako. Anthu amati jaji wadya ndalama, chifukwa angagamule bwanji osatimva? Chimene chachitika n'chakuti mbali imodzi yapita yokha, ex parte, n'kunena kuti nkhani ndi yachangu. Lamulo limalola zimenezi, koma chiletso chotere n'chongoyembekezera. Wopemphayo amayenera kuuza khothi zoona zonse, ngakhale zomuipira, ndipo akabisa, chiletsocho chikhoza kuchotsedwa pa chifukwa chomwecho. Pamabwera tsiku lomva mbali zonse, inter partes, ndipo inu muli ndi ufulu wopempha kuti chichotsedwe. Chimene simuyenera kuchita n'kung'amba pepalalo n'kupitiriza kulima, pakuti kunyoza lamulo la khothi kumatsekeretsa munthu ngakhale pa nkhani imene akanapambana. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ya ku bwalo lalikulu a 2017 anachotsa ena mwa mawuwa: m'malo mwa ex parte analowetsa mawu a Chingerezi otanthauza kuti popanda kudziwitsa mbali inayo, ndipo affidavit, chikalata cholumbirira, anachipatsa dzina losavuta. Komabe pakamwa pa maloya ndi m'nyuzipepala mawu akalewo akadalipo.

Ogula malo, njinga yamoto kapena foni pamsika asunge mawu awa: nemo dat quod non habet, munthu sangapereke chimene alibe. Mukagula kwa wakuba, mwini wake akabwera amatenga, inu n'kutsala mukusaka amene anakugulitsaniyo. Mkamwini akakugulitsani munda wa mbumba ya mkazi wake, kapena mwana mmodzi akagulitsa malo amasiye abale ake osadziwa, risiti yokha sikutetezani. Funsani mwinimbumba, funsani oyandikana nawo malire, musanatulutse ndalama. Nayonso mfumu ili ndi malire. Ultra vires ndi kuchita zopitirira mphamvu zimene lamulo linakupatsa. Mfumu imayanjanitsa anthu ndi kusunga mwambo, koma ilibe mphamvu yotsekera munthu kapena yoweruza mlandu wogwiririra. Customary Land Act ya 2016 inaikanso makomiti ndi mabwalo a zamalo, kuti nkhani ya malo isamathere m'manja mwa munthu mmodzi. Ofesi ya boma ikachita ultra vires, bwalo lalikulu likhoza kufafaniza chigamulocho, ndipo ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo kwaulere.

Mawu ena ndi ongofunika kuwazindikira. Prima facie: mboni za boma zikatha, khothi limaona ngati umboniwo, pongouyang'ana koyamba, ukukwanira kuti munthu ayankhe. Kupezeka ndi mlandu woti muyankhe sikupezeka wolakwa, ndi nthawi yanu yoyankhula ndi kuitana mboni. Alibi ndi kunena kuti pa nthawiyo munali kwina, ndipo ndi bwino kunena msanga kuti apolisi akafufuze. Subpoena ndi chisamani chokakamiza mboni kubwera. Sub judice ndi nkhani imene ili m'manja mwa khothi, yosayenera kuiweruziratu pamsonkhano kapena pa wailesi. Sine die ndi kuimitsa mlandu popanda kutchula tsiku lobweranso. Mlanduwo sunathe, ndipo mwini wake ayenera kumakafunsa kwa kalaliki, atasunga nambala yake. Res judicata ndi nkhani imene khothi linagamula kale pakati pa anthu omwewo. Simungakaiyambitsenso pa bwalo lina, njira yake ndi apilo.

Nolle prosequi ndi pamene mkulu woimira boma pa milandu, Director of Public Prosecutions, waganiza zosiya kuzenga mlandu. Amalawi anaziona mu 2023 pa mlandu wa katangale wa Bakili Muluzi, ndiponso mu May 2024 pa wa Saulos Chilima. Ndime 99 ya malamulo oyendetsera dziko imam'patsa mphamvuyi, koma imam'lamulanso kupereka zifukwa ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku 10. Kusiyidwa kwa mlandu sikutanthauza kuti khothi lamva umboni n'kuyeretsa munthu.

Kodi ndani angasume? Funso limeneli ndilo locus standi. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ndime 15 ya malamulo oyendetsera dziko ikufunanso kuti wosuma pa nkhani ya ufulu akhale wokhudzidwa mokwanira. Munthu wamba amakwanira. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa mu 2015 m'bandakucha akupita ku Limbe, pa mlandu wa vakabu. Anatengera nkhaniyo ku bwalo lalikulu, ndipo mu January 2017 majaji anagamula kuti ndime 184(1)(c) ya Penal Code ikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Pa mlanduwo mabungwe ena analowa ngati amicus curiae, bwenzi la khothi: wosakhala mbali ya mlandu koma wololedwa kuthandiza majaji ndi nzeru. Nawonso mawu akuti status quo ante tinawaona akugwira ntchito pa 3 February 2020, pamene khothi linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha May 2019 n'kubwezera zinthu mmene zinalili chisankhocho chisanachitike, kotero kuti Chilima anabwerera pa mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti.

Pamudzi timati mlandu suwola. Kukhothi milandu yosumirana imawola. Maloya ali ndi mawu oyamba ndi vigilantibus non dormientibus, akuti lamulo limathandiza ali maso, osati ogona. Limitation Act imapereka zaka 6 pa ngongole ndi mapangano, zaka 3 pa kuvulazidwa m'thupi, ndi zaka 12 pa kufuna kubweza malo. Amene wagundidwa ndi galimoto pa msewu wa ku Makwasa n'kumadikira malonjezo a pakamwa zaka zinayi akhoza kupeza chitseko chatsekedwa.

Ambiri amagona chifukwa choopa mtengo wa loya. Pro bono ndi ntchito imene loya amagwira kwaulere pothandiza anthu, ndipo lamulo la maloya la 2018 linaika ntchito yotere kukhala udindo wawo. Boma lili ndi Legal Aid Bureau, imene imaimira anthu osatha kulipira loya, pa milandu yaupandu ndi yosumirana yomwe. A Paralegal Advisory Service Institute amayendera ndende ndi zitokosi kuthandiza amene ali pa rimandi. Popita kwa onsewa tengani pepala lililonse limene muli nalo: kalata yochotsedwera ntchito, mapepala a malipiro, chisamani, buku la kuchipatala. Ndipo mukaima m'khothi, ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko ikukupatsani ufulu woti mlandu waupandu uzengedwe m'chilankhulo chimene mukumva, apo ayi boma likupezereni womasulira mwaulere. Mawu ena akakudutsani, kwezani dzanja mwaulemu, muuze majisitireti kuti simunamve ndipo mukupempha kuti akumasulireni musanayankhe.